Mbiri ya Banyira, Kuchokera pa Lichero Kufika pa Khadi

Aliyense amene adakulira m'midzi yozungulira phiri la Mikolongwe, natumidwapo ali mwana kukagula mchere kapena matemba tsiku la msika, akudziwa kuti malonda a kwathu kuno satha pamene ndalama yachoka m'dzanja la wogula ndi kulowa m'kansalu ka wogulitsa. Pakuti ikatha kulowa ndalamayo wogula sanyamuka msanga ayi, koma amakhalabe ali chinjutire, maso ali pa lichero, kudikira kadzanja komaliza kamene sikawerengedwa pa mtengo. Kadzanja kameneko ndiko banyira. Abale athu a ku Chipata ndi ku Lusaka amati mbasela, mawu amene ali pachibale ndi bansela wa Azulu yemwe makolo athu adabwera naye kuchokera ku migodi ya ku Joni pamodzi ndi mabulangete ndi masutikesi a malata; ana a masiku ano amangoti pulayizi. Dzina likhale lililonse, mwambo ndi umodzi, ndipo mwana wobwerera kwa amake wopanda banyira ankafunsidwa ngati pakamwa pake adapaiwala kunyumba, chifukwa mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Chandikumbutsa zonsezi ndi mphwanga wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Atabwera kudzadya nafe Khirisimasi, adatulutsa khadi yake ya kubanki, nandifotokozera mwaulemu wonse, monga mmene wophunzira amafotokozera nkhalamba, kuti akagula katundu pa intaneti ndi khadiyo banki imamubwezera kagawo ka ndalama zake, ndi kuti munthu wochenjera masiku ano amapindula pogula pomwe. Ine ndidangoti, "Mwanawe, nzeru imeneyo anganga ako ankaichita pansi pa mtengo wa mango, sukulu osaidziwa khomo lake." Iye adaseka poyesa kuti ndi nthabwala za akuluakulu. Sizidali nthabwala.

Kalelo, ndalama zachitsulo zisadazolowereke m'dziko muno, Amang'anja ndi Ayao a m'mapiri ano ankasinthana mapira ndi mchere, nkhuku ndi khasu, mbiya ndi nyemba. Ndipo miyeso yawo idali dengu, lichero, nsengwa, chipande ndi dzanja, zinthu zimene sizilingana kukula ngakhale ziwiri zokha. Pamene muyeso uli wa diso, mtima wa wogula sukhazikika, popeza sadziwa ngati dengu lagwedezedwa kapena langothiridwa mwapamwamba. Choncho wogulitsa wofuna kuti dzina lake limveke bwino m'mudzi ankawonjezera kadzanja poyera, anthu akuona, ngati kunena kuti ngati ndalakwa poyesa, ndalakwira mbali yako. Ine ndimakhulupirira kuti gwero la banyira ndi limeneli. Pambuyo pake mwambowu udasenza ntchito yachiwiri, yomanga ubale, pakuti kupatsa n'kuika, ndipo chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana: amene wakuikira banyira lero wakumanga mwendo kuti msika wa mawa usakapite kwa mnzake.

Koma pali chachitatu chimene ndidachiona ndi maso anga, ndili kamnyamata kosenza dengu la anganga anga. Mbandakucha, tisadanyamuke, iwo ankakhala pakhonde n'kusankha matimati. Aakulu, ofiira bwino, ankawaika m'dengu. Ang'onoang'ono, ophwanyika mbali, ndi aja olumidwa ndi mbozi pang'ono, ankawamanga padera m'kansanza. Tikafika pamsika ankayala chiguduli n'kuunjika milu, ndipo mulu uliwonse ankauzungulira ndi diso kawiri, nthawi zina n'kuchotsapo limodzi kulibweza m'dengu. Wogula akabwera, natsutsa mtengo, nalipira, n'kunena kuti, "Amayi, tandiikiranikoni banyira, ana kunyumbaku ndi ambiri," anganga ankapuma mozama ngati munthu wolandidwa mbuzi, n'kupisa dzanja m'kansanza kaja, nati, "Tengani achemwali, inu nokha, ena sindiwapatsa chotere." Mawu omwewo ankawanena kwa anthu makumi awiri dzuwa lisadafike pamutu. Tsiku lina pobwerera ndidawafunsa ngati sakuluza ndi kupatsa kotereku, ndipo iwo adaima panjira, nandiyang'ana mwachifundo, nati, "Iwe, banyira sagwa kumwamba ngati mvula. Ali kale m'mulu momwemo." Sankaba anganga anga, ndipo ogula awo sadali opusa, onse awiri ankadziwa masewerawo, monga mmene ovina amadziwira polekezera ng'oma. Koma chiphunzitso cha tsiku limenelo sichidandichoke.

Nsalu ndi ndalama zitafika, mwambowu udalowa m'sitolo. Kampani ya African Lakes, imene idakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndi kuyendetsedwa kuno ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, idatchedwa Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John. Ndipo m'zaka zoyambazo amtengatenga ndi antchito ankalipidwa ndi nsalu yoyesedwa m'mikono ndi m'mikwamba. Tsono mkwamba wa munthu wamtali sulingana ndi wa munthu wamfupi, ndipo mkangano wa pa muyeso, umene udali pa dengu, udasamukira pa nsalu. Mapiri a Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje atadzaza minda ya azungu, Alomwe nakhamukira kuno kuchokera ku Mozambique kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 kudzakhala pa nthaka ya eni ake mwa thangata, boma nalamula msonkho wa nyumba wolipira ndi masheleni, munthu aliyense adayamba kusowa ndalama ndi kuiwerenga. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, idakwera kudzera ku Luchenza nifika ku Limbe ndi ku Blantyre mu 1908, ndipo m'mbali mwake ndi m'mphambano za misewu mudamera masitolo a Amwenye, a malata pamwamba, telala ali pakhonde ndi makina ake opalasa ndi phazi.

M'masitolo amenewo ndimo banyira adafika pachimake. Mayi wa ku Mikolongwe amene wagulitsa nandolo wake, nayenda ulendo wa ku Limbe kukagula chirundu, sankagula ngati wothamangitsidwa: ankayamba wapenya nsalu zonse, kuzikhudza, kunyowetsa kansonga ndi malovu kuti aone ngati utoto usuluka, kutuluka ngati wakwiya, kuitanidwanso, kufikira mtengo utatsika ndi tiki kapena sikisi. Zitatha izo mwini sitolo, atayesa mayadi pa thabwa lake la misomali, ankalekerera lumo kudutsa chala chimodzi kupitirira chizindikiro, kenaka n'kuwonjeza singano, kapena kabokosi ka machesi, kapena switi wa mwana amene ali kumsana. Mwana ameneyo, atakula, ankabwerera ku sitolo yomweyo, pakuti lilime siliiwala kumene lidalawa shuga koyamba. Wamalondayo adali atawerenga kale mtengo wa singano pamene ankatchula mtengo wa nsalu, monga momwe anganga anga ankachitira ndi matimati. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ankalemba m'buku.

Za buku limenelo tiyenera kunenapo, pakuti banyira ndi ngongole ndi ana a mimba imodzi. Aphunzitsi a ku mishoni ya Nguludi, makalaliki a m'minda ya fodya, amesenjala a kwa DC, onse olandira pa mwezi, ankatenga sopo, palafini ndi shuga mwa ngongole, n'kudzalipira mwezi ukatha. Ndipo tsiku lolipira ndilo lidali tsiku la banyira wamkulu, pamene mwini sitolo ankapereka kachitini ka tiyi kapena mpango wa kumutu wa mayi wa kunyumba, pothokoza ndi pokopa kuti bukulo litsegulidwenso mawa lake. Boma la atsamunda lidali ndi lamulo lotchedwa Credit Trade with Natives Ordinance, loletsa wamalonda wosakhala Mwafirika kukasumira Mwafirika ku khoti pa ngongole yopitirira kandalama kochepa. Olemba lamulolo ankati akuteteza mbadwa kuti zisamire m'ngongole. Koma lupanga lake lidali lakuthwa konsekonse, chifukwa Mwafirika wofuna kutsegula sitolo yakeyake sankatha kupikula katundu wambiri mwa ngongole, ndipo ankatsala wogula mpaka kalekale. Si zodabwitsa kuti kuno ku Chiradzulu komwe, kumene M'busa John Chilembwe adamanga mishoni yake pa Mbombwe mu 1900, anthu ophunzira ndi amalonda achikuda adayesa kudzimangira bungwe lawo la Natives' Industrial Union mu 1909, ndi kuti mmodzi wa amene adaphedwa ndi boma pambuyo pa kuwukira kwa mu January 1915 adali Duncan Njilima, mwini masitolo. Anthu amenewo adali atatopa ndi kulandira singano. Ankafuna kuima kuseri kwa kauntala.

Kudali njira ina, yoongoka kuposa zonsezi, imene idabadwira kutali. Mu 1844, m'tauni ya Rochdale ku England, amisiri osauka okwana 28 adasonkha ndalama natsegula kasitolo kawo, napangana kuti phindu likapezeka ligawidwe kwa mamembala molingana ndi mmene aliyense wagulira. Ameneyo ndiye banyira wopanda chinyengo, popeza wogula ndi mwini sitolo ndi munthu mmodzi, ndipo chobwezedwacho chidali chake kale. Lamulo la makopaletivi lidafika ku Nyasaland mu 1946, koma ambiri mwa mabungwewo sadakhalitse, ena chifukwa cha mabuku osasungika bwino, ena chifukwa boma la pambuyo pa ufulu silinkakondwera ndi gulu lililonse lodziimira palokha. Chatsalako lero ndi ma SACCO, ndi mabanki a m'mudzi amene amayi athu amagawana kumapeto kwa chaka, ndiponso magulu a alimi a ng'ombe za mkaka amene ali ponseponse m'dera lathu lino.

Zaka za m'ma 1970 zidasintha nkhope ya malonda. Kwacha ndi tambala zidalowa m'malo mwa paundi, sheleni ndi kobiri mu 1971. Boma la Dr. Kamuzu Banda lidalamula Amwenye kuchoka m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono kukachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, ndipo masitolo ambiri a m'mphambano adatsala mabwinja, mleme ndi namzeze zikugona momwe munkagona mipukutu ya nsalu. Kudabwera Chipiku wopikulitsa kwa eni magolosale, ndi PTC imene idayamba mu 1973, pambali pa Kandodo wakale. M'masitolo amenewa mtengo udalembedwa pa katundu, shuga adabwera womatidwa kale m'pepala, ndipo mtsikana wa pa makina owerengera ndalama sadali mwini katundu woti n'kukuikira kanthu. Ndikukumbukira mkulu wina wa kwathu amene, atagula paketi ya shuga ndi botolo la mafuta m'sitolo yotere, adaima pakauntala kudikira, anthu pamzere akung'ung'udza pambuyo pake, kufikira mlonda adadza kudzamuuza mwaulemu kuti, "Bambo, zatha, pitani bwino." Adatuluka akupukusa mutu, nanena kuti amalonda a masiku ano alibe mwambo. Banyira adathawira kumene adachokera: ku msika, kwa mayi wa usipa ndi wa makala, kwa mnyamata woyeza mkaka ndi kapu amene amathira kadontho kapamwamba, ndi kwa wogulitsa mazira a nkhuku zakuda zija za mtundu wa Black Australorp zimene zidatchukitsa dzina la Mikolongwe m'dziko lonse kuyambira m'zaka za m'ma 1950.

Pamene ife tinkayesa kuti azungu alibe banyira, iwo adali akumuweta m'khola lina. Ku America, kuyambira mu 1896, kampani ya Sperry & Hutchinson inkagulitsa kwa eni masitolo timasitampa tobiriwira, timene wogula ankapatsidwa molingana ndi ndalama zimene wawononga, namata m'kabuku, kabukuko kakadzaza n'kukasinthanitsa ndi mbale kapena nyale. Khadi ya Diners Club idatuluka mu 1950, ya BankAmericard, kholo la Visa, mu 1958. Ndipo mu 1986 khadi ya Discover, ya eni masitolo a Sears, idafalikira m'dziko lonselo ndi lonjezo lobwezera wogula kagawo kosapitirira 1 pa 100 pa zimene wagula. Ku South Africa, kumene kuli mphwanga uja ndi ana athu ambirimbiri, banki ya FNB idayambitsa eBucks mu 2000, ndipo masitolo a Pick n Pay adatulutsa khadi yawo ya Smart Shopper mu 2011. Malonda a pa intaneti atakula, kudabukanso makampani amene ntchito yawo ndi kulondolera wogula ku sitolo, kulandira mphotho ya ulondolawo kwa mwini sitolo, ndi kumugawirako wogulayo pang'ono.

Funso la anganga anga likadali pomwepo: kansanza ka matimati ang'onoang'ono kali kuti? Taonani mmene zimayendera. Munthu akalipira ndi khadi, mwini sitolo salandira ndalama yonse. Kagawo kamadulidwa kupita ku mabanki ndi kwa eni makina, ndipo ku America kagawoko kamafika 2 kapena 3 pa 100. Mwini sitolo, posafuna kuluza, amakaika kagawoko pa mtengo wa katundu yense, kotero kuti ngakhale wosauka wolipira ndi ndalama ya m'manja, amene alibe khadi ndipo sadzabwezeredwa kanthu, amasonkhako nawo. Limenelo ndilo thumba loyamba. Thumba lachiwiri ndi chiwongoladzanja cha iwo amene mwezi ukatha alephera kubweza ngongole yonse ya pa khadi; amenewa ndiwo amadyetsa anzawo olipira pa nthawi yake. Thumba lachitatu ndi mbiri ya wogula mwiniyo, pakuti khadi imalemba chilichonse chimene wagula, tsiku ndi ora, ndipo mbiri yotere ndi chuma kwa otsatsa malonda. Umboni wake ulipo: pamene maiko a European Union adalamula mu 2015 kuti kagawo ka mabanki kasapitirire 0.3 pa 100 pa makhadi a ngongole, mphotho za makhadi ambiri kumeneko zidafota ngati nkhwani za m'chilimwe. Mulu utachepa, banyira adachepanso.

Sindikunena kuti mphwangayo ndi wopusa, iyayi. Ngati agula chokhacho chimene akadagula ngakhale popanda mphotho, ngati ayamba wafananiza mitengo ya masitolo angapo asadayang'ane za kubwezeredwa, ndipo ngati abweza ngongole yonse tsiku lisadakwane, ndiye kuti akudya banyira wolipiridwa ndi ena, ndipo palibe mlandu umene ndingamuzenge. Koma ndidaona m'sutikesi mwake nsapato mapeya atatu, munthu wa miyendo iwiri, ndipo nditafunsa adati zidali pa mtengo wotsika ndi mapointi owirikiza. Apo mpamene ndidakumbukira chikomekome cha mkuyu. Mayi wa matimati sangakugulitse mulu umene sukuufuna, chifukwa dengu lako ndi mutu wako zili ndi malire. Foni ilibe malire otero, ndipo imakudzutsa ngakhale pakati pa usiku kukuuza kuti mwayi ukutha.

Kuno kwathu makhadi a ngongole ali ndi anthu owerengeka a m'tauni. Ambiri amene ali ndi khadi ndi yongotapira zimene adasunga okha. Chimene chidafika m'mudzi ndi ndalama ya pa foni, Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, ndipo banyira wa makono amene mlimi wa ku Mikolongwe amamudziwa ndi bonasi ya mayunitsi ndi mabandulo. Inenso idandigwira nyambo imeneyi. Tsiku lina ndidagula mayunitsi opitirira amene ndinkafuna chifukwa cha uthenga wolonjeza mphindi zaulere, ndipo ndidagona mokondwa poganiza kuti m'mawa ndiimbira abale onse a kutali; kutacha ndidapeza kuti mphindizo zidali zoyenera kutha usiku womwewo, ine ndili m'tulo. Akulu adanena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Banyira wa anganga anga unkapita naye kunyumba n'kumuthira mu ndiwo. Sankasungunuka pa 12 koloko ya usiku.

Kwa Mmalawi woitanitsa katundu wa kunja pa intaneti palinso chilombo china chachikulu kuposa mphotho iliyonse, ndicho mtengo wa dola. Mu November 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo mu 2024 Reserve Bank of Malawi idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 pa 100, mabanki a malonda nakongoza pamwamba pa pamenepo. Munthu wokongola ndalama pa mtengo wotere kuti akabwezeredwe 1 kapena 2 pa 100 ali ngati wogwetsa nkhokwe kuti atole njere imene yagwera pansi pake. Ndipo katunduyo akafika pa Mwanza kapena pa Chileka, msonkho wa kasitomu ndi mtengo wa mtengatenga sizifunsa kuti khadi yako ili ndi mapointi angati.

Loweruka lapitali ndidatsikira ku msewu wa Midima kukagula matimati kwa mayi wina amene ndakhala ndikugula kwa iye zaka zambiri. Mulu wake udali wa matimati asanu. Nditalipira ndidakhalabe chiimire, ndodo ili m'manja, osanena kanthu, ndipo iye adaseka, nati, "Agogo, inu simusintha," napisa dzanja pansi pa lichero n'kundiponyera limodzi m'jumbo. Limodzi pa asanu ndi 20 pa 100, mlingo umene khadi ya mphwanga uja siinamubwezerepo pa nsapato zake. Nditafika kunyumba ndidapeza kuti lidali lophwanyika mbali imodzi. Mayi a kunyumba adadula mbaliyo, lotsalalo n'kuthira mu usipa.